Ku Lilongwe kukamvera mwana wa achemwali akuimba

Lachitatu

Ndalowa mu Lilongwe dzuwa litapendeka kale. Basi inachedwa kudzaza ku Balaka, ndipo pa Lizulu tinaimanso kwa kanthawi chifukwa aliyense amafuna kabichi, karoti ndi mbatatesi za pawindo. Pamalo paja msewu wa M1 ndiwo malire, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique, koma ogulitsa amangodumpha msewu ndi mabeseni awo osalabadira. Kamphepo ka ku Dedza kanatipepesa pang'ono, koma titangotsetserekera ku Linthipe kutentha kwa Okutobala kunatigwiranso mpaka mu depoti.

Chandibweretsa kuno ndi mwana wa achemwali anga. Anabwera kudzaphunzira zowerengera ndalama, koma mtima wake uli pa gitala. Sabata yatha amayi ake anandiimbira foni mawu ali njenjenje: "Achimwene, mwana wanu uja akuti Lachisanu akaimba pagulu. Ine za magitala sindizidziwa. Tapitani mukaone ngati ndi malo olongosoka, kapena wayamba zoyenda m'mabala." Anatuma ine chifukwa ndakhala ndikuimba besi kutchalitchi kuyambira ndili mnyamata, komanso munthu wa ku Balaka ulendo wa nyimbo saukana. Ife tinakula tikumva Alleluya Band, imene inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika pomwepo, ndipo Lucius Banda atamwalira mu 2024 tauni yonse inakhala pamaliro.

Mtsikanayo anandichingamira, gitala ali nayo kumsana. Wandiperekeza kwa msuweni wanga ku Kawale kumene ndizigona. M'njira ndamufunsa za malowo, iye wangoti, "Amalume, mukaona nokha." Ndamuuza kuti ndikaonadi, koma sindinamuuze kuti ndipita mawa masana iye ali m'kalasi.

Lachinayi

Malo oimbira ukafuna kuwadziwa uziwapeza masana, opanda magetsi amitundumitundu. Ndakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kuwolokera pa timilatho tamatabwa ta pamsika wa Tsoka, pamene umalipira kandalama kuti udutse mtsinje wa Lilongwe. Kuchoka apo ndayenda wapansi cha ku Area 3, pansi pa mitengo ya jakaranda imene maluwa ake ayoyokera mumsewu monse.

Malowo ndi nyumba yakale ya njerwa, ya khonde lalikulu, yozingidwa ndi mpanda. Zonse zimachitikira kuseri. Kuli mtengo wa mango, siteji yokhomedwa ndi matabwa a mapaleti, kadenga ka malata pamwamba pake, mabenchi, mipando ya pulasitiki yosanjikizidwa pakona, ndi mphasa zingapo zokulunga. Anthu 100 akalowa ndiye kuti pathina. M'nyumbamo chipinda chimodzi muli mabuku a ana, china muli zojambula zogulitsa, china ndi chosungira zida ndipo chili ndi maloko awiri.

Amene ndawapeza pa khonde si oimba ayi, ndi amayi a banki m'khonde, akuwerenga ndalama pa chitenje, wina akuitana mayina m'kope. Akuti Lachinayi lililonse masana malowa ndi awo. Mwini malo ndi mayi wachikulire ndithu, kale anali mphunzitsi, ndipo zimaoneka ndi momwe amakuyang'anira ukamalankhula. Nditadzifotokoza aseka. "Ndinu amalume ake? Mwatumidwa eti? Si inu oyamba. Khalani apa." Andiuza mosabisa kuti mowa wa m'mabotolo ulipo, chifukwa popanda kauntala lendi singatuluke, koma nyimbo zimayamba 6 koloko madzulo n'kutha 10 koloko chifukwa cha aneba, ndipo woledzera amamutulutsa ngakhale atakhala kuti wagula kwambiri. Pakhoma apachika chiphaso cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso lija linakhazikitsidwa mu 1992. Anandilozera okha ndisanafunse.

Koma nthawi yambiri ndathera kwa mnyamata wa zokuzira mawu. Ndamupeza atakhala pansi m'chipinda cha zida, chingwe cha gitala atachipana ndi zala za kuphazi, akuwotcherera kawaya kamene kanaduka m'kati mwa jeki. Pambali pake mulu wa zingwe, zabwino uku, zodwala uko. Mikisa yawo ndi ya matchanelo 8, awiri anafa kalekale ndipo anawamata selotepi yakuda kuti mlendo asalumikizepo. Pa otsalawo analemba ndi bolopeni pa timapepala: mayiki 1, mayiki 2, gitala, besi, kiyibodi, ng'oma. Akuti ntchitoyi anaiphunzira ku Music Crossroads ku Area 23, kumene achinyamata ambiri a mu mzinda uno amaphunzira zoimba.

Ndamufunsa chifukwa chimene masipika awo anawaika patsogolo penipeni pa siteji, pafupi ndi anthu, pamene kwathu timawakankhira kukhoma kumbuyo kwa kwaya. Wandiyang'ana mwachifundo. "Madala, ndiye chifukwa chake mayiki anu amalira. Sipika ikakhala kumbuyo, mawu ake amalowanso mu mayiki, n'kutulukanso mu sipika, n'kulowanso, mpaka tswiii. Ikani patsogolo, woimba akhale kumbuyo kwake." Wawonjezera kuti oimba ambiri amagwira mayiki kumutu, kutseka timabowo ta m'mbali, kenako n'kumunena iyeyo kuti sadziwa ntchito. Zimenezi ndazilemba kuti ndikawauze a kwaya.

Lachisanu

Lero ndilo tsiku la aliyense wofuna kukwera pa siteji. Kulowa ndi ulere. Umafika, n'kulembetsa m'kope lomwe limakhala pa tebulo la pageti, ndipo amakupatsa nyimbo ziwiri kapena mphindi 10. Lamulo lawo ndi limodzi: uimbe zako, ndipo uimbe ndi chida, osati kupereka fulashi kuti akuikire. Lamulo limeneli ndaligwirizana nalo ndi mtima wonse. Mashoo ambiri masiku ano munthu umalipira ndalama zako kuti ukaone woimba akukuwa pamwamba pa mawu ake omwe ojambulidwa kale, uku akuuza anthu kuti akweze manja. Pano zimenezo palibe pobisala. Ukaphonya kiyi, aliyense wamva.

Anayamba ndi alakatuli. Mtsikana wina analakatula za pamzere wa mafuta, momwe anthu amagonera m'galimoto pa filing'i siteshoni mpaka kudziwana mayina a ana, ena kupezerapo zibwenzi. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma atafika ponena za ambulansi imene inali pamzere womwewo kuseka kunatha. Mnyamata amene anabwera pambuyo pake anatenga nthawi yaitali akutchula mayina a anzake asanayambe, ndipo mayi mwini malo anangoimirira n'kumuonetsa wotchi.

Kunabwera wa gitala wina wokhoza rumba mochititsa kaso, zala zikuthamanga cha kumunsi kwa gitala kumene mawu amatuluka ang'onoang'ono. Nditacheza naye pambuyo pake anati anaphunzira kwa anzake a ku Congo okhala ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo uja uli ku Dowa kuyambira 1994. Akukonzekera kupita ku Tumaini, chikondwerero chimene Menes La Plume anayambitsa mu 2014 m'kati mwa msasa momwemo, chomwe anthu amalowa osalipira.

Magetsi anathima cha m'ma 7 koloko. Palibe anadabwa. Mnyamata wa mikisa anathamangira kuseri kwa chimbudzi, kukoka jenereta, ndipo posakhalitsa zonse zinayaka. Vuto ndi loti jenereta yawo ndi yokalamba, imalira kwambiri, moti oimba motsitsa mawu anavutika nayo usiku wonse.

Amene sanavutike ndi anyamata awiri a babatoni ochokera ku Chinsapo. Chida chimenechi ndinkachionera patali m'misika, lero ndachiona pafupi. Ndi bokosi lalikulu lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ndi mtengo wautali wotulukira m'bokosimo, ndipo chingwe chake ndi chimodzi chokha, waya wochotsa m'tayala la galimoto. Woimba amakhala pabokosipo, dzanja lamanja akumenya waya ndi kamtengo, lamanzere akutsetsereza botolo lopanda kanthu pa wayayo. Botolo likayandikira bokosi mawu amakwera, likapita kunsonga amatsika. Palibe zizindikiro pamtengopo zoti apa ndi pakuti, khutu lokha ndilo limamuuza poima. Ine wa besi ya zingwe zinayi ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa mnyamatayo amapeza noti iliyonse bwinobwino uku akuimbanso pakamwa. Mnzakeyo anali ndi gitala yopanga yekha ndi kang'oma kamene amamenya ndi chidendene. Mayiki anaiika pansi pafupi ndi chikopa, ndipo mabenchi amanjenjemera.

Anthu ena amaziona ngati zoseketsa za m'misewu, zoponyera K100 n'kudutsa. Aiwala kuti Madalitso Band, ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, inkayenda m'misewu ya Lilongwe yomweyi ndi zida zangati zomwezi isanakaimbe ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako n'kuyamba kuzungulira maiko a ku Ulaya. Anyamata a ku Chinsapowa mayinawo amawadziwa pamtima.

Mwana wa achemwali anakwera pambuyo pa amenewa, malo ovuta kwambiri, chifukwa anthu anali ataimirira kale akuvina ndipo iye amabwera ndi gitala imodzi basi. Nyimbo yoyamba anaithamangitsa, mantha. Chingwe chachitatu chinali chitatsika pang'ono, ndipo amatalikira mayiki akafika pokweza mawu. Mnyamata wa mikisa anamukodola kuti ayandikire. Asanayambe yachiwiri anaima, n'kutchuna gitala yake mosafulumira anthu akudikira. Pamenepo mpamene ndinaona kuti mwanayu aphunzira. Nyimbo yachiwiriyo ndi ya mtsikana wotumizidwa kutauni kukaphunzira, amene amayi ake amamuimbira foni madzulo aliwonse kumufunsa ngati wadya, iye n'kumanama kuti wadya. Anthu anakhala pansi. Amayi ena amene anakhala kutsogolo kwanga anayamba kuvomereza kolasi ulendo wachiwiri, nyimbo yoti sanaimvepo chibadwire. Bambo wina wa imvi anapita kukamufupa, n'kuika ndalamayo pansi pafupi ndi phazi lake kuti asamusokoneze.

Potuluka anandifunsa, "Amalume, zinali bwanji?" Ndinamuuza kuti mawu ali nawo, nyimbo yachiwiri ndi yabwino koma mavesi achuluka, awiri achoke, ndipo dzanja lamanja lisamathamange kuposa pakamwa. Anakhala chete mpaka pokwerera kabaza, kenako anati vesi limodzi akhoza kuchotsa, awiri ayi.

Loweruka

Mmawa malowa ndi a ana. Ndafika cha m'ma 9 ndapeza mphasa zayalidwa, ana a m'makomo oyandikira ndi ena ochokera ku Mchesi ndi ku Biwi akhala mozungulira. Ena amawerenga mabuku pa khonde, ena amajambula ndi makala, koma ambiri anali pa ng'oma. Wowaphunzitsa ndi bambo wa ku Ntchisi amene amagwira ntchito ya ulonda usiku. Sawerengera ana manambala ayi, amawapatsa mawu oti azinena pakamwa kaye, akawagwira ndiye manja atsatire.

Kenako anatulutsa zikho za mganda. Ndi mphonda zouma zoboola, ndipo pabowo laling'ono amamatapo kanembanemba kopyapyala. Kale ankamata kochokera kwa kangaude, iye wamata kapepala ka jumbo. Suuzira ngati lipenga lenileni, umaimbira m'katimo, kanembanembako n'kumanjenjemera. Anawandandalika anyamata m'mizere, chifuwa patsogolo, mwendo kuponya pamodzi, ndipo anawafotokozera kuti guleyu anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake ovina amavala zoyera, masokosi aatali, ndi kukhala ndi maudindo ngati a ku usilikali. Atsikana anakana kungoonerera, analowa m'mizere. Bamboyo anadandaula pang'ono kuti kwawo atsikana amavina chimtali, koma anawasiya, ndipo awiri mwa iwo ndi amene amaponya mwendo bwino kuposa onse.

Masana msuweni wanga ananditengera ku Bwandilo ku Area 47 kukadya kanyenya. Kumeneko sipika iliyonse ili ndi nyimbo yake, galimoto iliyonse yatsegula buti, ndipo kuti umve mnzako mpaka akukuwire m'khutu. Nyama inali bwino.

Ndili komweko achemwali anaimba foni. Ndinawauza zonse, za mowa womwe, chifukwa akanadzamva kwa ena bwenzi atanditenga wabodza. Anafunsa ngati mwana anavala zaulemu, ngati anabwerera nthawi yabwino, ndiponso ngati sukulu sikuwonongeka. Ziwiri zoyambazo ndinayankha, chachitatucho ndinati akamufunse mwini wake ndi mapepala a mayeso m'manja. Za nyimbo yachiwiri ija sindinawauze. Adzaimva okha.

Madzulo kunali bandi yathunthu ya anthu 6, yoimba zachikhalidwe zosakaniza ndi jazi, ndipo pakhomo amalipiritsa K5,000. Ndinakhala pafupi ndi geti dala. Zimene ndinaona zinandiwawa. Munthu watsika galimoto yonyezimira, makiyi akuzunguza pachala, n'kuyamba kunenerera: "Aise, tilipo anayi, tipange ya awiri." Wina akuti ndi mlamu wake wa woimba ng'oma, wina akuti ndi wa nyuzipepala koma chiphaso waiwala. Anthu omwewo akalowa amaitanitsa mabotolo tebulo lonse osafunsa mtengo. Ena sanalowe n'komwe, anaimika galimoto kunja kwa mpanda, kutulutsa zakumwa zawo, n'kumamvera ulere nyimbo zikudumpha mpanda. Mtsikana wa pageti analimba ndithu, koma ena anamupyola.

Bandiyo inaimba bwino kwambiri. Anatenga kamenyedwe ka manganje n'kukaika pa ng'oma zachizungu, besi n'kumayenda mozemba pansi pake, ndipo wa kiyibodi amadziwa kusiya mpata, chinthu chosowa pakati pa a kiyibodi athu. Itakwana 10 koloko anthu anakuwa kuti ina, ina, koma mayi mwini malo anali ataima kale pambali pa mikisa.

Lamulungu

Nditachoka ku Misa ndinadutsanso kukatsanzika, ndipo ndinawapeza ali pa msonkhano pansi pa mango: mwini malo, mnyamata wa mikisa, mtsikana wa pageti ndi mtsogoleri wa bandi ya dzulo. Anandilola kukhala nawo. Ndalama za pakhomo anaziika pa tebulo, zina zili pa foni chifukwa ambiri analipira pa Airtel Money ndi Mpamba. Anayamba kuchotsa: petulo wa jenereta wa Lachisanu, mlonda, wa pageti, wa mikisa, galimoto imene inanyamula ng'oma kuchokera ku Area 25 ndi kubweza. Zotsalazo anagawa pa anthu 6. Mtsogoleri wa bandi anayang'ana gawo lake, n'kunena kuti likwana zingwe za gitala ndi kabaza, basi. Sanakwiye, zikuoneka kuti anazolowera. Pa anthu 6 aja, atatu amaimbanso m'matchalitchi Lamulungu, ndipo onse amadalira maukwati a Loweruka masana, kumene amaimba nyimbo za eni ake kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mkangano unabuka pa mtengo wa pakhomo. Wa bandi amati ukwere, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja, zingwe, mabatire, zikopa za ng'oma zachizungu, chinakwera, koma mtengo wolowera uli pomwepo. Mtsikana wa pageti amati ukakwera ndiye onenerera achuluka, ndipo amene adzavutike ndi iyeyo. Mwini malo amaopa kutaya ana asukulu ndi anthu a ku Kawale ndi ku Mchesi amene amabwera wapansi, n'kutsala ndi azungu ndi a m'maofesi okha. Mnyamata wa mikisa anati a galimoto za kunja kwa mpanda aja azilipiritsidwa malo oimikapo. Onse anaseka, kenako anayamba kuganizira mofatsa. Sanamvane. Agwirizana zoti mwezi wamawa ayese mitengo iwiri, wotsika kwa ogula tikiti Lachisanu lisanathe, wokwera kwa ofika pageti.

Mayi aja anandifunsa ngati ku Balaka kuli achinyamata oimba zawozawo amene angabwere. Alipo, ndikuwadziwa. Vuto ndi thiransipoti ya anthu ndi zida, kubwera ndi kubwerera. Tawerengera limodzi ndipo taona kuti zingatheke pokhapokha atapeza poimba pena Lachisanu, kaya ku Dedza kaya mu Lilongwe momwemuno, n'kudzamalizira pano Loweruka. Pogona msuweni wanga wati awiri akhoza kuwasunga ku Kawale, enawo tiona.

Mwana wa achemwali amupatsa mpata wotsegulira bandi Loweruka loyamba la mwezi wamawa, nyimbo zitatu. Pakali pano ali nazo ziwiri.